Mafunso ndi Mayankho pa Filimu ya Shakespeare in Love: Chikondi Chopeka, Zisudzo Zenizeni

Filimu ya Shakespeare in Love imayamba ndi utsi wa nsapato. Mwini nyumba ya zisudzo amupana pampando, mapazi ake awasendeza pa makala amoto, ndipo wakatapila waima pambali akufuna ndalama zake tsiku lomwelo. Filimu ya chikondi imene yasankha kuyamba ndi ngongole imakhala yatiuziratu pamene pagona nkhani. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kwa amene sanaionere ndiponso kwa amene anaionera koma anatsala ndi chikaiko, ndipo ndawayankha monga munthu amene ndimaikonda filimuyi koma sindibisa pamene inaterereka.

Kodi filimu imeneyi ndi yotani, ndipo anaipanga ndani?

Ndi filimu ya chikondi ndi nthabwala imene inatuluka mu Disembala 1998, ndipo nkhani yake anaiika mu mzinda wa London m'chaka cha 1593, pa nthawi ya ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth I. Anaitsogolera ndi John Madden. Olemba ake ndi awiri: Marc Norman, amene anayambitsa ganizoli, ndi Tom Stoppard, katswiri wa masewero a pa siteji wa ku Britain, amene anaikonzanso n'kuthiramo mchere wambiri umene timaumva pamene anthu a m'filimumu akuyankhulana. Joseph Fiennes anasewera William Shakespeare ali wachinyamata, Gwyneth Paltrow anasewera Viola de Lesseps, Geoffrey Rush anasewera Philip Henslowe, Colin Firth anasewera Lord Wessex, ndipo Judi Dench anasewera mfumukazi. Mulinso Tom Wilkinson, Ben Affleck, Imelda Staunton, Simon Callow ndi Rupert Everett. Filimu yonse imatenga mphindi 123.

Nkhani yake ikuyenda bwanji?

Will Shakespeare wa m'filimumu si bambo wadazi uja timamuona pa zikuto za mabuku a kusukulu. Ndi mnyamata wa zaka 29, wa inki m'zikhadabo, wopanda khobidi m'thumba, amene walonjeza sewero koma nzeru zamuuma moti sanalembe ngakhale tsamba limodzi. Henslowe, mwini nyumba ya zisudzo ya Rose, akudikira sewero loseketsa la Romeo ndi Ethel, mwana wamkazi wa wachifwamba wa panyanja, chifukwa ndi sewero limenelo lokha limene lingamuchotse m'manja mwa wakatapila uja.

Kutsidya kwa mtsinje wa Thames kuli Viola, mwana wa munthu wachuma, amene analoweza ndakatulo za Will pamtima ndipo amalakalaka kukwera pa siteji. Popeza akazi saloledwa, amamanga chifuwa chake ndi nsalu, amamata tindevu, amabisa tsitsi, n'kudzitcha Thomas Kent, ndipo amapatsidwa gawo la Romeo. Will akopeka ndi Viola pa dansi ya kunyumba kwa bambo ake asanadziwe kuti Viola ndi Thomas Kent ndi munthu mmodzi. Akadziwa, chikondi chimayaka, ndipo masamba a sewero amayamba kutuluka usiku uliwonse. Koma chikondicho chili ndi mipanda iwiri imene sichingadumphe: Will anasiya mkazi ndi ana ku Stratford-upon-Avon, ndipo Viola anamulonjeza kale kwa Lord Wessex, munthu wa dzina lalikulu koma wa matumba obooka, amene akufuna chuma cha apongozi kuti akatukulire minda yake ku Virginia. Pamene tsiku la ukwati likuyandikira, sewero limene linayamba ngati lanthabwala limasanduka lachisoni, Ethel n'kukhala Juliet.

Kodi zimenezi zinachitikadi?

Chikondi cha Will ndi Viola n'chopeka kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Kunalibe Viola de Lesseps, ndipo Lord Wessex wa m'filimumu ndi munthu wongoganizira. Nkhani ya Romeo ndi Juliet sinachokere m'mtima wosweka wa Shakespeare, pakuti inali yodziwika kale ku Italy, ndipo mu 1562, Shakespeare asanabadwe n'komwe, Arthur Brooke anali ataisindikiza kale m'Chingerezi ngati ndakatulo yaitali. Sewero la Shakespeare linasindikizidwa koyamba mu 1597. Sewero lina lake, Twelfth Night, limene filimuyi imaonetsa ngati analiyamba tsiku lomwe Viola ananyamuka, linabwera patapita zaka zingapo, ndipo umboni wakale kwambiri wa kuseweredwa kwake ndi wa pa 2 Febuluwale 1602. Minda ya fodya ya Wessex nayonso inafulumira kubadwa, chifukwa Jamestown, mudzi woyamba wa Angerezi umene unakhazikika ku Virginia, unayamba mu 1607. Komanso mfumukazi sinkapita ku nyumba za zisudzo za anthu wamba. Azisudzo ndi amene ankaitanidwa kunyumba yachifumu.

Olemba filimuyi ankazidziwa zonsezi ndipo sanayese kunamiza munthu. Koyambirira kwenikweni, m'chipinda cha Will mumaoneka kapu yolembedwa ngati zija alendo odzaona malo amagula masiku ano ku Stratford, ndipo wopalasa bwato pa Thames amayankhula ngati woyendetsa takisi wa ku London amene amanyadira anthu otchuka omwe anawanyamulapo. Zizindikiro zimenezi zimatiuza msanga kuti tikuonera nthano, osati phunziro la mbiri yakale.

Nanga choona m'filimumu n'chiyani?

Choona ndi ntchito ya zisudzo yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene filimuyi inachita khama loposa. Nyumba ya Rose inalikodi. Philip Henslowe anaimanga mu 1587 ku Bankside, kumwera kwa mtsinje wa Thames, kunja kwa dera lolamulidwa ndi akuluakulu a mzinda amene ankadana ndi zisudzo. Maziko ake anapezeka mu 1989 pamene ankakumba kuti amange maofesi, ndipo anaonetsa nyumba yaing'ono ya mbali 14, imene pabwalo pake panapezeka makoko ambirimbiri a mtedza wa m'mitengo. Rose ya m'filimumu inamangidwa ku Shepperton Studios, ndipo mukaiona mumamva kupanikizana kwake: denga la udzu mozungulira, pakati poyera kumwamba, owonerera ataima m'fumbi pafupi kwambiri ndi siteji moti akhoza kugwira phazi la wosewera. Woima ankalipira peni imodzi, ndipo wofuna benchi ankawonjezera. Masewero ankachitika masana chifukwa nyali yake inali dzuwa.

Henslowe anasiya buku la maakaunti limene mpaka lero likusungidwa ku Dulwich College, sukulu imene Edward Alleyn anaikhazikitsa mu 1619. Alleyn ndi wosewera wodzitama uja amene Ben Affleck amamusewera, ndipo anali mkamwini wa Henslowe, atakwatira mwana wake womupeza mu 1592. M'bukuli muli ndalama zolowa pa sewero lililonse, mitengo ya zovala, ndi ngongole zimene Henslowe ankapereka kwa olemba masewero asanamalize ntchito. Mulinso umboni woti masewero ena oyambirira a Shakespeare, monga Titus Andronicus, anaseweredwa ku Rose. Pamenepa filimuyi inatembenuza zinthu pang'ono, chifukwa Henslowe weniweni anali wochenjera pa malonda ndiponso wobwereketsa ndalama, osati wothawathawa angongole monga amamuonetsera Geoffrey Rush.

Mliri umene umatseketsa nyumba za zisudzo koyambirira kwa filimuyi unalikodi, ndipo pakati pa 1592 ndi 1594 nyumbazi zinakhala zotseka kwa nthawi yaitali. Edmund Tilney, mkulu wa boma amene amabwera ndi kalata yotsekera Rose, anali munthu weniweni wokhala ndi mphamvu yovomereza kapena kukana sewero. Wosewera wotchuka Richard Burbage ndi nyumba ina ya zisudzo ya Curtain ya ku Shoreditch nazonso n'zenizeni. Ngakhale mapaundi 50 amene Will akufuna kuti agule gawo m'gulu la Burbage ali ndi muzu m'choonadi, pakuti Shakespeare anakhaladi mmodzi wa eni gulu la Lord Chamberlain's Men, limene linakhazikitsidwa mu 1594, ndipo chuma chake chinachokera kumeneko kuposa ku kugulitsa zolemba.

N'chifukwa chiyani Viola ayenera kuvala ngati mwamuna?

Chifukwa ku England pa nthawiyo magulu a zisudzo za malonda analibe akazi. Juliet, Desdemona ndi Cleopatra oyambirira anali anyamata amene mawu awo anali asanakule. Filimuyi imazitenga ngati lamulo la boma, ngakhale kwenikweni unali mwambo wolimba kwambiri, ndipo unatha cha mu 1660 pamene Mfumu Charles II inabwerera pampando n'kutsegulanso nyumba za zisudzo zimene nyumba ya malamulo inazitseka mu 1642. Amene anaphunzira pa sekondale ya anyamata okhaokha sadabwa kwambiri ndi zimenezi, popeza amakumbukira mnzawo wina atavala chitenje ndi duku kuti asewere mayi wa m'nyumba.

Filimuyi imaugwiritsa ntchito mwambowu mwaluso. Pa nthawi yoyeserera, mkazi wovala ngati mwamuna akusewera Romeo pamene mnyamata wovala ngati mkazi akusewera Juliet, ndipo wolemba sewero waima pambali akuchita nsanje ndi kupsompsonana kumene analemba yekha. Pambuyo pake Will nayenso amavala diresi ndi nsalu yophimba kumaso kuti aperekeze Viola kwa mfumukazi ku Greenwich. Pa tsiku la sewero, mnyamata wosewera Juliet amadzuka mawu atasintha, ndipo vuto limeneli, limene linali loopsadi kwa magulu a nthawi imeneyo, ndi limene limatsegulira Viola khomo.

Kodi chimene chimaikometsa kwenikweni n'chiyani?

Anthu ambiri amayankha kuti ndi chikondi cha achinyamata awiriwo, koma ine ndimaona kuti chikondi chachikulu m'filimumu ndi cha gulu la anthu osiyanasiyana pa ntchito imene palibe mmodzi wa iwo amene angaigwire yekha. Taonani wakatapila uja, Hugh Fennyman, amene Tom Wilkinson amamusewera. Amalowa mu Rose kudzalondera ndalama zake, ndipo amauzidwa kuti akhoza kukhala pokhapokha atatseka pakamwa. Amakhala pansi akuwerengera zolowa. Tsiku ndi tsiku nkhope yake imasintha, mpaka amayamba kukalipira aliyense wochita phokoso pamene ena akuyeserera. Will atamupatsa kagawo kakang'ono ka wogulitsa mankhwala amene amagulitsa poizoni kwa Romeo, bambo amene ankaotcha anthu mapazi amasanduka mwana: amayenda akubwereza timizere take chamumtima, amadera nkhawa za chipewa chimene adzavale, ndipo ikafika nthawi yake amathamangira mawu ake mpaka kumudula Romeo pakamwa chifukwa cha mantha. Palibe amene amamulalikira za ubwino wa zisudzo. Amangokhala pafupi nazo, ndipo zimamugwira.

Taonaninso telala wachibwibwi, Wabash, amene anapatsidwa gawo chifukwa choti Henslowe ali naye ngongole ya zovala. Iyeyu ndi amene ayenera kutsegulira sewero pamaso pa khamu lodzaza nyumba ya Curtain, kumene gululo linasamukira Rose itatsekedwa. Amatuluka, amaima, mawu oyamba amamukanirira pakhosi, anthu amayamba kunong'onezana, ndipo Will kuseri kwa nsalu wafooka mawondo. Kenaka lilime limamasuka ndipo mizere yonse imatuluka myaa, yomveka mpaka kumbuyo. Henslowe ali ndi chizolowezi chonena kuti pa zisudzo zinthu zimaoneka ngati zikupita kuphompho koma zimatha bwino, ndipo akafunsidwa kuti zimatheka bwanji amavomera kuti sadziwa, n'chinsinsi. Aliyense amene anakonzapo sewero, kaya la kutchalitchi kaya la mpikisano wa masukulu, amadziwa kuti bamboyu sakunama: zovala zimafika mochedwa, wina amadwala m'mawa wa tsikulo, wina amaiwala mizere, koma nsalu ikatsegulidwa chinthu china chimagwira onse pamodzi.

Luso lachiwiri ndi mmene filimuyi imalukira moyo ndi sewero ngati nkhata. Pali chigawo china chapakati pamene kamera imasinthasintha pakati pa siteji masana ndi chipinda cha Viola usiku, ndipo mzere umene wayambira pa siteji umakathera pabedi, wina woyambira pabedi n'kukathera pa siteji. Khonde la m'mwamba la Juliet timayamba kuliona ngati khonde la Viola. Mlezi wa Juliet timamuona mwa mlezi wa Viola, Imelda Staunton, amene amakhala pampando wogwedezeka kunja kwa chitseko n'kumaugwedeza mwamphamvu kuti antchito ena asamve zimene zikuchitika m'katimo. Mkangano wa okondana woti kaya kwacha kapena sikunache timaumva poyamba m'mawu wamba, kenaka m'ndakatulo. Chotsatira chake n'choti mizere imene ambiri anailoweza mokakamizidwa imamveka ngati ikunenedwa koyamba ndi anthu amene akuifunadi.

Kodi ndiyenera kudziwa masewero a Shakespeare kuti ndisangalale nayo?

Ayi. Nkhani yake ndi yosavuta kutsatira, ndipo anthu a m'filimumu akamacheza amayankhula Chingerezi chomveka, Chingerezi chakale chija n'kumabwera pa siteji ndi m'ndakatulo basi. Ngati liwiro la mayankhulidwe likukuvutani, yatsani mawu olembedwa m'munsi mwa sikirini. Koma amene anawerengapo Romeo and Juliet, monga ambiri amene analembera mayeso a MSCE pa buku limeneli ku Malawi, amadya zonona kawiri, chifukwa amazindikira zidutswa za sewero zikutoledwa mumsewu. Mlaliki wodana ndi zisudzo amatemberera nyumba ziwiri za Rose ndi Curtain, Will akudutsa n'kumva, ndipo temberero lomwelo limadzatuluka m'kamwa mwa Mercutio, mnzake wa Romeo, pamene akufa. Mlaliki yemweyo amadzakokedwa ndi khamu mpaka kulowa mu Curtain, ndipo pamapeto ndi iye amene akuwomba m'manja mwamphamvu.

Christopher Marlowe ndi kamnyamata kosewera ndi mbewa kaja ndi ndani?

Marlowe anabadwa mu 1564, chaka chimodzi ndi Shakespeare, koma anatchuka msanga, ndipo mu 1593 iye ndi amene anali mfumu ya olemba masewero ku London. N'chifukwa chake m'filimumu aliyense wobwera kudzayesa mwayi wa gawo amalakatula mizere ya sewero la Marlowe la Doctor Faustus, mpaka Will kutopa nazo. Rupert Everett amamusewera modekha kwambiri, ndipo m'nyumba yomwera mowa amamupatsa Will mfundo za sewero lake mosaumira. Marlowe weniweni anaphedwa ndi mpeni pa 30 Meyi 1593 ku Deptford, ndipo kafukufuku wa boma ananena kuti mkangano unali wa bilu ya zakudya ndi zakumwa. Filimuyi imaitenga imfa imeneyi n'kuiika pamtima pa Will, amene ananamiza Wessex kuti dzina lake ndi Marlowe, choncho amakhulupirira kuti bodza lake ndi limene laphetsa mnzake. Kuyambira pamenepo nthabwala zimayamba kulemera, monga mmene sewero lenilenilo limasinthira Mercutio akafa.

Kamnyamata kokonda magazi ndi mbewa, kamene kamaulula chinsinsi cha Viola, kamatchula dzina lake kuti John Webster. Ameneyu atakula anadzalemba The Duchess of Malfi ndi masewero ena odziwika ndi nkhanza ndi imfa zoopsa.

Kodi n'zoona kuti Judi Dench analandira mphoto ya Oscar ataoneka mphindi zochepa chabe?

N'zoona. Amaoneka pafupifupi mphindi 8 zokha, ndipo analandira mphoto ya wosewera wamkazi wothandizira. Mphindizo ndi zochepa koma ndi zimene zanyamula mtolo wa nkhani yonse. Mfumukazi yake ndi mayi wokalamba, wa mano owonongeka ndi nkhope yopakidwa zoyera, wotopa ndi anthu omunyengerera, amene amamuyang'ana Viola kamodzi n'kudziwa zonse. Ndi iye amene amakhala mboni ya kubetcherana kwa mapaundi 50 pakati pa Will ndi Wessex pa funso loti kodi sewero lingaonetse chikondi monga chililidi, ndipo ndi iye amene amadzaweruza. Pamene Tilney afika kudzamanga gulu lonse chifukwa choika mkazi pa siteji, mfumukazi imavula chofunda chimene inabisalamo pakati pa owonerera, imamuyang'ana Viola pafupi, n'kugamula kuti ameneyu ndi Thomas Kent, kenaka n'kuwonjezera kuti iyo ikudziwa bwino za mkazi wogwira ntchito ya amuna. M'mawu ochepa amenewo mumamveka kusungulumwa kwa mayi amene pa nthawiyo anali atalamulira zaka 35 popanda mwamuna. Chaka chomwecho Cate Blanchett anasewera mfumukazi yomweyi ili yachitsikana mu filimu ya Elizabeth, imene Joseph Fiennes ndi Geoffrey Rush analimonso, ndipo kuonera mafilimu awiriwa motsatizana kumapindulitsa.

N'chifukwa chiyani anthu ena amati sinayenere kupambana ngati filimu yabwino koposa?

Pa mwambo wa Oscar wa mu Malichi 1999, filimuyi inapikisana m'magawo 13 ndipo inapambana 7: filimu yabwino koposa, wosewera wamkazi wamkulu, wosewera wamkazi wothandizira, kalembedwe, kamangidwe ka malo ojambulira, zovala za Sandy Powell, ndi nyimbo za Stephen Warbeck. Ambiri ankayembekezera kuti mphoto yaikuluyo ipita kwa Saving Private Ryan, filimu ya nkhondo ya Steven Spielberg, amene analandira mphoto ya wotsogolera. Kampani ya Miramax, imene inapanga Shakespeare in Love, inachita kampeni yamphamvu kwambiri yokopa ovota, ndipo mkulu wake, Harvey Weinstein, anadzachotsedwa m'bungwe lopereka mphotozi mu Okutobala 2017 akazi ambiri atamuneneza za nkhanza zokhudza kugonana. Gwyneth Paltrow anali mmodzi wa amene anayankhula. Mthunzi umenewu ndi weniweni, ndipo munthu amene amavutika nawo poonera filimuyi sakulakwa.

Komabe funso la kampeni ndi losiyana ndi funso la ubwino wa ntchito. M'madandaulo ambiri mumabisala ganizo loti filimu ya nkhondo ndi yolemera mwachibadwa pamene filimu yoseketsa ndi yopepuka, ndipo ganizo limeneli sindigwirizana nalo. Kuseketsa anthu ndi nzeru, kusunga anthu oposa 10 m'nkhani imodzi popanda wosowa chochita, ndi kufikitsa nthabwala pa misozi popanda msoko kuoneka, ndi ntchito yovuta imene mafilimu ochepa amaikwanitsa. Amene amainyoza asanaionere akumbukire kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kodi ilibe zofooka?

Zilipo, ndipo ziwiri n'zazikulu. Choyamba ndi mmene imadutsira msanga pa nkhani ya banja la Will. Shakespeare anakwatira Anne Hathaway mu 1582 ali ndi zaka 18, ndipo pofika 1585 anali ndi ana atatu, Susanna ndi mapasa Hamnet ndi Judith. Filimuyi simuonetsa Anne ngakhale kamodzi. Imangomutchula ngati banja lozizira limene linatsala kumudzi, ndipo Will amamubisira Viola za ukwatiwu mpaka Viola kudzamvera kwa ena m'nyumba yomwera mowa. Viola amapwetekedwa, koma filimuyi imamukhululukira Will mofulumira kuposa mmene owonera ambiri angachitire, makamaka amayi amene akudziwa tanthauzo la kutsala ndi ana pamene bambo anapita kutauni.

Chachiwiri ndi chithunzi chimene imapereka cha mmene luso limabadwira, ngati kuti wolemba amangofunika kugwa m'chikondi basi ndipo mizere imatsika yokha. Shakespeare weniweni anakhala pansi ndi ndakatulo ya Brooke n'kuigwirira ntchito: nkhani ya miyezi ingapo anaipanikiza kukhala ya masiku osakwana sabata, Juliet anamuchepetsa msinkhu kufika pa zaka 13, ndipo Mercutio, amene kwa Brooke amangodutsa, anamukuza kukhala munthu wosaiwalika. Wophunzira amene angalembe pa mayeso zimene waona m'filimumu adzalakwa. Chimene chimachepetsa vutoli n'choti filimu yomweyo imadzitsutsa, pakuti imaonetsa Marlowe akupereka mfundo, Alleyn akupereka dzina la sewero ndi kudandaula kuti pakusowa chigawo, ndiponso wopalasa bwato, mlaliki ndi mlezi akupereka mawu mosadziwa. Wessex yekha ndi amene anamulemba mouma, woipa mbali zonse, ngakhale Colin Firth amayesetsa kumupatsa umunthu.

Kodi ndi yoyenera kuonera ndi ana?

Ayi, si ya ana aang'ono. Muli zigawo za kuchipinda zoonetsa thupi, ndipo ku Britain anaiika m'gulu la azaka 15 kupita m'tsogolo. Mphunzitsi wofuna kuigwiritsa ntchito m'kalasi ayambe waionera yekha n'kusankha zigawo, ndipo mphindi za sewero la ku Curtain ndi zimene zingathandize ophunzira kwambiri. Nkhani yomweyi inakonzedwanso kukhala sewero la pa siteji ndi Lee Hall, ndipo linayamba kuonetsedwa ku London mu 2014.

Ngati ndi filimu yanthabwala, bwanji okondanawo sakwatirana pamapeto?

Chifukwa olemba anakana kugula chisangalalo ndi bodza. Viola amakwatiwa ndi Wessex m'mawa, amathawa pakhomo la tchalitchi kupita ku Curtain, ndipo akamva kuti Juliet palibe amakwera pa siteji. Will akusewera Romeo. Kwa nthawi yoyamba aliyense wa iwo waima pa malo ake enieni, mwamuna ngati mwamuna, mkazi ngati mkazi, pamaso pa mzinda wonse, ndipo kutsanzikana kumene sangakuchite poyera m'moyo amakuchita m'mawu a sewero. Juliet akadzuka m'manda n'kufunsa za mwamuna wake, mlezi wa Viola, amene wakhala pakati pa owonerera akulira, amalephera kudzigwira ndipo amayankha mokweza kuti wafa. Sewero likatha nyumba yonse imakhala chete kwa kanthawi, anthu atagwira pakamwa, kuwomba m'manja kusanayambe.

Mfumukazi imatha kupulumutsa gululo ku ndende ndipo imatha kulamula Wessex kulipira mapaundi 50, koma imanena poyera kuti ukwati womangidwa pamaso pa Mulungu ngakhale iyo singaumasule. Imamutuma Viola kukapereka ndalamazo kwa Will ndi uthenga woti ulendo wina alembe sewero losangalatsa la chikondwerero cha Twelfth Night, chotsekera nyengo ya Khirisimasi. M'chipinda cha kuseri kwa siteji awiriwo amatsanzikana pomanga limodzi nkhani yatsopano: chombo chosweka panyanja, mtsikana wopulumuka yekha, dziko lachilendo, zovala zachimuna zodzitetezera. Viola amanyamuka ndi mwamuna wake kupita ku Virginia. Will amakhala pa tebulo, amaviika nthenga mu inki, n'kulemba dzina la mtsikana wa m'sewero latsopanolo, Viola. Chithunzi chomaliza anachijambula pa gombe la Holkham ku Norfolk: mchenga wotambalala mpaka kumene maso amalekezera, ndi mkazi mmodzi wovala zonyowa akuyenda kulowera ku mitengo ya kumtunda, osacheuka.